Thanthwe la Mpatamanga Silifuna Kandimverere

Munthu wofuna kudziwa mtengo weniweni wa magetsi m'dziko muno asavutike ndi kukwera ku maofesi a ku Capital Hill. Angotsika minibasi pa Biwi Triangle m'mawa wa tsiku la ntchito, naima pafupi ndi mmisiri wowotcherera zitsulo pa nthawi imene moto wa makina ake wazima mwadzidzidzi. Geti limene mwini wake adalonjezedwa kuti alitenga madzulo lagona pansi lili theka. Anyamata ophunzira ntchito akhala pa matayala akutha, manja ali m'masaya. Wachigayo wauza amayi kuti asiye matumba awo adzabwerenso mawa, ndipo wometa tsitsi wasiya munthu pa mpando mutu uli wometedwa mbali imodzi. Ambiri mwa anthu amenewa sadaonepo mathithi a Nkula kapena a Tedzani, komabe ndiwo za ana awo zimachokera kumeneko, kumene madzi a mtsinje wa Shire amapatutsidwa nalowa m'ngalande zoboola thanthwe, natsika ndi mphamvu mpaka kukapukusa makina opangira magetsi. Kuchokera kumeneko magetsiwo amayenda pa nthambo kudzera ku Phombeya m'boma la Balaka ndi ku Nkhoma, mpaka kudzafika pa makina a mmisiri uja.

Nchifukwa chake nkhani ya ngalande za pansi pa nthaka, ndi ya anthu amene ayenera kuzilinganiza, kuziyang'anira ndi kuvomereza malipiro ake, ndi nkhani ya kwa Biwi, ku Kawale, kwa Chinsapo ndi kwa Mgona. Ndipo nthawi yoikamba ndi ino. M'mwezi wa Sepitembala 2022 Boma la Malawi lidasainirana pangano ndi kampani ya EDF ya ku France, kampani ya Scatec ya ku Norway ndi bungwe la IFC, lomanga malo opangira magetsi pa Mpatamanga, pakati pa Tedzani ndi Kapichira, pomwe Shire amalekanitsa maboma a Blantyre ndi Neno. Malowa adalinganizidwa kuti azidzatulutsa mamegawati 358, mphamvu yoyandikira ku yonse imene dziko lino limapeza ku madzi pa Nkula, Tedzani, Kapichira ndi Wovwe pamodzi. M'mwezi wa Meyi 2025 Banki Yaikulu Padziko Lonse idavomereza thandizo la madola 350 miliyoni a ku America pa ntchitoyi. Chiyambire 1966, pamene Nkula A idayamba kutulutsa mamegawati ake 24, dziko lino silidagwirepo ntchito ya magetsi yaikulu chotere.

Pa ntchito yotereyi pali magulu awiri a anthu amene mawu awo akumveka m'malo omwera tiyi, m'maminibasi, ngakhalenso m'makonde a maofesi ena a Boma, ndipo magulu onsewa ndi adani a chitukuko ngakhale eni ake sadzizindikira. Gulu loyamba ndi la anthu a phuma. Iwo amati ndalama zolipira mainjiniya oyeza nthaka, olemba mapulani ndi oyang'anira ntchito nzongotayika, ndipo chofunika nchakuti makina afike mawa ayambe kukumba, anthu aone fumbi. Gulu lachiwiri ndi la akandimverere. Iwo amati popeza ndalama zikuchokera kunja ndipo makampani odziwa ntchito akuchokeranso kunja, Mmalawi alibe chochita m'ngalande, ntchito yake ndi kusaina chimene abweretseredwa ndi kuombera m'manja pa tsiku lotsegulira. Makolo adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Fuko lotuma ena kuti akalionere thanthwe lake lidzauzidwa za maluwa okhaokha.

Msewu ukamangidwa molakwika aliyense amaona. Phula limasweka ndi mvula yoyamba, wakabaza amadandaula, phungu amakafunsa ku Nyumba ya Malamulo. Nyumba ikapendekeka ngakhale mwana wa sukulu amailoza. Ngalande ilibe mboni zotere. Asanayambe kuikumba palibe amene waona m'kati mwa phiri, ndipo akaitsiriza nalowetsamo madzi palibenso amene angalowemo, pokhapokha makina azimitsidwe, madzi aphwetsedwe, mizinda ikhale mu mdima. Nthawi yoona ndi yochepa kwambiri, ndipo ili pakati pa kuphulitsa thanthwe ndi kuliphimba ndi konkire.

Ntchito isanayambe, akatswiri a miyala amaboola mabowo akuya ndi makina natulutsa miyala yaitali yoonda ngati nzimbe. Miyalayi amaiika m'mabokosi motsatana monga idatulukira, naiyeza kulimba kwake, ming'alu yake ndi madzi amene amadutsamo. Koma bowo limangonena za pamalo pamene labooledwa. Pakati pa bowo lina ndi linzake pakhoza kubisala mng'alu wodzaza ndi dothi lofewa, kapena kasupe wokhoza kumiza anthu ndi makina omwe. Izi nzofunika kwambiri m'dziko muno, chifukwa Nyanja ya Malawi ndi Shire zili m'chigwa chachikulu chimene chidabwera chifukwa cha kung'ambika kwa nthaka, ndipo nthakayo sidaleke kugwedezeka. Anthu a ku Salima akukumbukira chivomerezi cha 1989, a ku Karonga cha 2009. Woboola thanthwe m'chigwa chotere asanalifunse bwino akuchita juga ndi moyo wa ana a eni ake.

Kukumba kwenikweni kumayenda pang'onopang'ono. Anthu amaboola mabowo pa thanthwe limene layang'anizana nawo, naikamo zophulitsira, naphulitsa. Amadikira utsi ndi fumbi kuti zituluke, nagwetsa miyala yolendewera, nachotsa zogumuka, kenaka nalimbitsa denga ndi misomali yaitali yachitsulo ndi konkire wopopera. Akatero apita patsogolo mamita ochepa chabe, ndipo amayambiranso chimodzimodzi usana ndi usiku. Tsono apa mpamene pagona ndalama. M'mapangano ambiri a ntchito zotere malipiro amatsata mtundu wa thanthwe. Thanthwe lolimba limafuna zitsulo zochepa ndi nthawi yochepa. Thanthwe lowola limafuna zitsulo zambiri, konkire wambiri ndi masiku ambiri, ndipo mtengo wa mita imodzi umakwera kangapo. Amene amagamula kuti apa mpolimba kapena mpowola ndi munthu amene waima pomwepo ndi nyundo ndi tochi m'maola ochepa aja konkire asanapoperedwe. Akalemba kuti mpowola pomwe pali polimba, fuko lalipira zitsulo zimene sizidafunike, mwinanso zimene sizidaikidwe nkomwe. Akalemba kuti mpolimba pomwe pali powola, denga lidzagwa patapita zaka, madzi ali m'kati, ntchito italipiridwa kale ndipo omanga atabwerera kwawo. Konkire akangophimba, umboni wakwiririka.

Ndiye funso limene wogwira ntchito m'Boma aliyense ayenera kudzifunsa asanagwire cholembera ndi ili: m'mawa umene thanthwe lidaonekera poyera, kodi padaima ndani woyankha kwa Amalawi?

Anthu a phuma aja akumbutsidwe zimene zidachitikira abale a ku Zambia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 dzikolo lidayamba kukumba nyumba ya makina a magetsi m'kati mwa thanthwe ku tsidya la kumpoto kwa damu la Kariba. Ntchitoyi idapatsidwa kwa kampani ya Mitchell Construction ya ku Britain. Atalowa pansi, okumba adapeza thanthwe losiyana ndi limene kampaniyo idayembekezera powerenga mapepala a pangano. Miyala inkagumuka kudenga, ntchito idachedwa, ndalama zidatha, ndipo padabuka mkangano waukulu wofuna kudziwa kuti ndani adayenera kudziwiratu za thanthwelo. M'chaka cha 1973 kampaniyo idagwa. Kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia ndiyo idadzatsiriza, ndipo malowo adamalizika m'chaka cha 1977. Izi zidachitika pa nthawi imene Zambia inkafunitsitsa magetsi akeake kuti isadalire ulamuliro wa Ian Smith ku tsidya lina la Zambezi. Amene amati kuyeza thanthwe kumachedwetsa ntchito awerenge zaka zimene zidatayika pa Kariba, kenaka anene chimene chimachedwetsa kwambiri.

Safunika kupita kutali kuti aone phunziro lomwelo. Ganizo lopopa madzi kuchokera ku Nyanja ya Malawi ku Salima kufika ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 120, lidali labwino, ndipo amayi a kwa Biwi ndi ku Area 23 amene amadzuka usiku kukatchera ndowa pa mpopi wouma sangatsutse zimenezi. Pangano lake lidaperekedwa m'chaka cha 2016. M'chaka cha 2017 bungwe la maloya la Malawi Law Society lidakamang'ala ku khoti kuti ntchito isayambe kafukufuku wa momwe idzakhudzire chilengedwe ndi anthu asanachitike. Zaka zidapita m'mabwalo a milandu ndi pofunafuna ndalama, anthu akadali pa mzere ndi ndowa zawo. Imeneyo idali ntchito ya mapaipi, imene mbali yaikulu imaonekera poyera mu mchera usanakwiriridwe. Ngati kudumpha sitepe imodzi pa ntchito ya mapaipi kudatha kubweretsa chisokonezo chotere, nanga m'kati mwa phiri? Kuona maso a nkhono nkudekha. Mainjiniya akapempha miyezi ina yoboolera mabowo oyezera, wa Chipani ayenera kukhala woyamba kufotokozera anthu chifukwa chake, osati woyamba kukuwa kuti ntchito ikuchedwa.

Koma gulu loopsa kwambiri ndi lachiwiri lija, chifukwa mawu ake amamveka ngati nzeru ndi kudzichepetsa. Akandimverere amati Boma likalemba kampani yodziwika ya mainjiniya olangiza kuti iyang'anire omanga, basi ntchito yatha, mlonda wapezeka. Sadzifunsa kuti nanga mlondayo amulonda ndani. Dziko la Lesotho lili ndi yankho. M'chaka cha 1986 lidagwirizana ndi South Africa zomanga madamu m'mapiri ake ndi kuboola ngalande zotumizira madzi, ndipo imodzi mwa ngalandezo, yochokera ku damu la Katse kufika ku Muela, ndi ya makilomita 45. Makampani akuluakulu a ku Ulaya ndi kwina adadzaza dzikolo. Patapita zaka kudadziwika kuti mkulu wa bungwe loyendetsa ntchitoyi, Masupha Sole, ankalandira ziphuphu kudzera m'mabanki a ku Switzerland. M'chaka cha 2002 khoti lidamugamula kukakhala kundende zaka 18, zimene zidatsitsidwa kufika pa 15 atachita apilo. Pakati pa opezeka olakwa pa kupereka ziphuphuzo padali makampani a mainjiniya olangiza, Acres International ya ku Canada ndi Lahmeyer International ya ku Germany, ndiye kuti alonda amene. Banki Yaikulu Padziko Lonse idaletsa Acres kulandira ntchito zake kwa zaka 3 m'chaka cha 2004, ndipo m'chaka cha 2006 idagamula zoletsa Lahmeyer kwa zaka 7.

Nkhaniyi ili ndi maphunziro awiri ndipo onse ngofunika. Loyamba nlakuti dzina lalikulu la kampani, ndi dziko lotukuka kumene yachokera, sizitsimikizira kuti manja ake ngoyera. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Lachiwiri nlakuti amene adalandira chiphuphu adali mwana wa dziko lomwelo, wopatsidwa udindo woteteza chuma cha anthu akwawo. Choncho pamene mawu ano akuti Mmalawi aime pa thanthwe, sakunena Mmalawi aliyense. Akunena Mmalawi wodziwa ntchito, wolipidwa mokwanira, wolemba zimene waona m'buku limene ena angathe kuliwerenga, ndiponso wodziwa kuti bungwe la Anti-Corruption Bureau ndi wowerengera ndalama za Boma ali kumbuyo kwake. Lesotho ndi dziko laling'ono kuposa Malawi, koma lidaimika makampani a mayiko olemera pa bwalo lake la milandu ndipo lidapambana. Lidatha kutero chifukwa lidali ndi anthu ake otha kutsata mapepala mpaka kumapeto.

Akandimverere akapanikizidwa amathawira ku mawu awo otsiriza, akuti Amalawi sangathe ntchito ya pansi pa nthaka. Mawu amenewa ndi chipongwe kwa akufa ndi amoyo omwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, atatengedwa ndi Wenela. Amuna amenewa ankatsika m'maenje akuya kuposa ngalande iliyonse imene idzakumbidwe pa Shire. Ankagwira makina oboolera, kuika zophulitsira, kuchirikiza denga, ndipo ankadziwa kumva ndi khutu thanthwe likafuna kugwa. M'mwezi wa Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nipha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu opita ku migodiko. M'midzi ndi m'makomboni a Lilongwe mukadali nkhalamba zimene zidabwerako ndi sutikesi, njinga ndi chifuwa chosatha. Zimene amuna amenewa sadaloledwe kugwira ndi mapulani, buku la miyezo ndi cholembera chovomereza malipiro. Manja adali awo, koma maso ndi mutu zidasungidwira ena. Amene akufuna kuti pa Mpatamanga Mmalawi angokhala wonyamula fosholo ndi wolondera geti akufuna kubweretsa Wenela pakhomo, pa mtsinje wa eni ake.

Ndiponso dziko lino silili pomwe lidali m'masiku a Wenela. Sukulu ya Polytechnic ku Blantyre, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1965 ndipo idasanduka yunivesite ya MUBAS m'chaka cha 2021, yatulutsa mainjiniya kwa zaka zambiri. Yunivesite ya MUST ku Thyolo idatsegulidwa m'chaka cha 2014. Nthambi ya Boma yoona za miyala ili ndi mbiri yaitali ku Zomba. Makina a pa Nkula ndi Tedzani akhala akuyendetsedwa ndi kukonzedwa ndi ana a dziko lino, poyamba pansi pa ESCOM, ndipo kuyambira Januwale 2017 pansi pa EGENCO. Pamene namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira m'mwezi wa Januwale 2022, mamegawati 129.6 nazimirira usiku umodzi, anthu a kwa Biwi adadziwa bwino tanthauzo la tsokalo, pakuti adakhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi mpaka makinawo adabwerera m'chaka cha 2023. Mainjiniya a dziko lino amene adagona kumeneko miyezi yonseyo adaphunzira za Shire zimene sizipezeka m'buku lililonse la ku Ulaya. Anthu otere alipo. Chimene chimasowa ndi mpando wawo pa tebulo pamene zinthu zikugamulidwa.

Pasakhale wopotoza mawu ano kuti akuthamangitsa alendo. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ntchito ya kukula ngati ya Mpatamanga imafuna makampani amene adaigwirapo kwina, okhala ndi makina, luso ndi chuma chokwanira. Ngakhale Zambia idaitana alendo pa ngalande ya makilomita pafupifupi 10 ya pa Kafue Gorge, ndipo idaitananso kampani ya Sinohydro ya ku China pa malo atsopano a mamegawati 750 amene adamalizika m'chaka cha 2023. Kuitana wodziwa si manyazi. Manyazi amabwera pamene mlendo wameta mudzi wonse, napita ndi lumo lake, osasiya ngakhale mnyamata mmodzi wodziwa kunola. Nkula B idayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1980, Kapichira m'chaka cha 2000, Tedzani IV m'chaka cha 2021 ndi thandizo la dziko la Japan. Ntchito iliyonse mwa izi idali sukulu. Fuko liyenera kudzifunsa kuti ndi ophunzira angati amene lidatumiza ku sukulu zimenezi, ndipo mwa iwo ndi angati amene lidawasunga.

Palinso ena ochenjera pakamwa amene amati pa Mpatamanga mpa makampani, ndalama zambiri nzawo, choncho ntchito ikadula kapena ikalakwika adzalira ndi iwowo. Amenewa aiwala zinthu zitatu. Boma la Malawi lili ndi magawo 30 mwa magawo 100 a ntchitoyi, ndipo mwini gawo amene sayendera munda wake asadzadabwe pa tsiku logawana zokolola. Magetsi a pamenepo adzagulidwa ndi ESCOM, ndipo mtengo wa magetsi umatsata ndalama zimene zalowa pomanga, kotero kuti chitsulo chilichonse cholembedwa mwachinyengo m'ngalande chidzatulukira pa mayunitsi amene mmisiri wa pa Biwi Triangle amagula. Ndipo tsiku lina alendowo adzapita, ngalande idzatsala. A ku Mozambique amaidziwa nkhaniyi. Damu la Cahora Bassa m'chigawo cha Tete, limene nyumba yake ya makina ili m'kati mwa thanthwe, lidamangidwa kuyambira 1969 mpaka 1974. Dzikolo lidalandira ufulu m'chaka cha 1975, koma lidadikira mpaka 2007 kuti litenge magawo 85 mwa 100 a kampani yoyendetsa damulo kuchokera m'manja mwa Apwitikizi. Mbendera imakwera usiku umodzi, koma ulamuliro pa chuma cha pansi pa nthaka umatenga mbadwo wathunthu ngati sudakonzedwe pachiyambi.

Tsono ogwira ntchito m'Boma, makamaka a m'maunduna oona za mphamvu, za chuma, za migodi ndi za chilungamo, ali ndi udindo woonekeratu. Choyamba, pa ntchito iliyonse yoboola thanthwe imene Boma lili ndi gawo kapena laikapo dzina lake, pakhale gulu la mainjiniya ndi akatswiri a miyala a dziko lino okhala pamalo pomwepo, olowa m'ngalande pa shifiti iliyonse, osati obwera pa galimoto kamodzi pa mwezi kudzasainira alawansi. Dzina la mmodzi wa iwo lizioneka pa pepala lililonse lonena mtundu wa thanthwe. Chachiwiri, anthu amenewa asamasamutsidwe pakati pa ntchito. Chizolowezi chotumiza mnyamata kukaphunzira zaka ziwiri, kenaka nkumuchotsa kuti akakhale pa desiki yoona za magalimoto a unduna, ndi kutaya mbewu pamwala. Chachitatu, miyala yonse yotuluka m'mabowo oyezera, mabuku a tsiku ndi tsiku, zithunzi za thanthwe ndi mapulani osonyeza momwe ngalande yamangidwira kwenikweni zisungidwe m'dziko muno, ndipo ophunzira a ku MUBAS ndi ku MUST aziloledwa kuziona. Injiniya amene adzatumidwe kukakonza ngalandeyo patapita zaka 40 mwina lero ali mu Sitandade 1 pa sukulu ina ya ku Kawale, ndipo sayenera kudzalemba kalata ku Paris kupempha mapu a phiri la kwawo.

Chachinayi ndi moyo wa okumba. Fumbi la thanthwe limapha mwakachetechete. Limalowa m'mapapo nilikhala momwemo, ndipo munthu amayamba kubanika patapita zaka ntchito itatha. Ku South Africa zidatengera mlandu wautali kuti m'chaka cha 2018 makampani a migodi ya golide avomere kupereka marandi 5 biliyoni kwa odwala matenda a fumbi ndi chifuwa chachikulu, ndipo ambiri adali atamwalira kale chipukutamisozicho chisanawapeze. Dziko limene lidaika m'manda ana ake ambiri chifukwa cha fumbi la ku Joni lisalole fumbi lomwelo pa Shire. Kuboola kuzichitika ndi madzi, mpweya wabwino uzipoperedwa mpaka kumapeto kwa ngalande, ndipo wantchito aliyense aziyezedwa m'chifuwa polowa ntchito ndi potuluka. Woyang'anira wa Boma amene aona izi zikuphwanyidwa nangotembenuka ali ndi mlandu womwewo ndi wophwanyayo.

Chachisanu nchowawa koma chiyenera kunenedwa. Lipoti la mainjiniya limalembedwa kuti liwerengedwe. Pali maofesi ena kumene malipoti onenepa amangogwira ntchito yochirikiza chitseko kuti chisatsekeke ndi mphepo, ndipo mkulu amafunsa tsamba losainapo lokha. Mkulu wotere asadzanene kuti adanyengedwa. Ngati sakumvetsa chimene chalembedwa, aitane injiniya wa pansi pake amufotokozere, pakuti safunsa adadya phula. Ndipo injiniya wamng'ono akakana kusaina chimene sadaone, mkulu wake amuteteze, osamuopseza ndi transifa ya kumalire.

Atsogoleri a Chipani nawonso, kuyambira atcheyamani a nthambi mpaka a m'zigawo, amayi ndi achinyamata omwe, ali ndi mbali yawo. Chipani chimene anthu adachipatsa Boma chimayesedwa ndi zimene chasiya, ndipo ngalande yomangidwa bwino imakhala zaka zambiri kuposa mtsogoleri aliyense. Choncho wa Chipani asalembe kakalata kopempha kuti mphwake amene sadaphunzire za miyala apatsidwe malo a katswiri wa miyala. Thanthwe silidziwa khadi la Chipani, ndipo likamagwa silifunsa kuti pansi pake paima mwana wa yani. Asakakamize mainjiniya kuti atsegule ntchito isanathe pofuna kuti tsiku lotsegulira ligwirizane ndi msonkhano. Asabise wakuba simenti, dizilo kapena zophulitsira chifukwa choti amavina nawo pa misonkhano, monganso sayenera kubisa wogwetsa thiransifoma ndi wodula nthambo m'makomboni a Lilongwe. Aonetsetse kuti mabanja a ku Neno ndi ku Blantyre amene minda ndi nyumba zawo zikhudzidwa ndi ntchitoyi alandira chipukutamisozi chawo chonse, m'manja mwawo, nthawi isanathe. Kukhulupirika kwa Chipani kumaonekera pa zinthu zotere. Amene amaimba kwambiri pa msonkhano koma usiku nkumagulitsa matumba a simenti ya fuko ndi mdani woposa wotsutsa aliyense.

Ntchito ina ya atsogoleri a nthambi ili pafupi, pakhomo pawo penipeni. Kwa Biwi kuli anyamata ndi atsikana amene amatha kumasula injini ya lole ndi kuibwezera osatsala ndi bawuti m'manja, koma alibe pepala lililonse. Makampani omanga ntchito zazikulu amafuna owotcherera, amakaniko ndi amagetsi okhala ndi ziphaso. Tcheyamani amene angasonkhanitse achinyamata otere, nawalondolera ku Lilongwe Technical College kapena ku maofesi a TEVETA kuti luso lawo liyesedwe ndi kulembedwa, wachitira Chipani ndi fuko chinthu chachikulu kuposa amene wadzaza malole khumi opita ku msonkhano. Akapanda kutero, tsiku lolemba ntchito likadzafika makampani adzanena kuti m'dziko muno mulibe amisiri, nabweretsa awo, ndipo adzakhala ndi mapepala otsimikizira mawu awo.

Mmisiri wa pa Biwi Triangle sadzalowa m'ngalande ya pa Shire. Sadzaona thanthwe lake, sadzawerenga lipoti lake, ndipo sangadziwe ngati misomali imene idalipiridwa ilimodi m'denga. Iye adapereka voti yake ndi msonkho wake, ndipo amagula mayunitsi ake, pokhulupirira kuti alipo wina amene akumuonera zimenezi. Wina ameneyo ndi wogwira ntchito m'Boma amene fayilo yafika pa tebulo lake, ndi wa Chipani amene anthu amamumvera akayankhula. Aliyense wa iwo, pepala la ntchito ya pansi pa nthaka likafika m'manja mwake, afunse kaye kuti Mmalawi amene adaima pa thanthwelo ndani, dzina lake lili pati, ndipo buku lake lili kuti. Ngati yankho palibe, cholembera chibwerere m'thumba mpaka yankho lipezeke.